Anamudula Ndani Abson?

"Bwezani mchere uwo m'botolo, alamu."

Tisauke anaima dzanja lili m'malere, mchere uli pakati pa zala, lepu akubwata pamoto. Wolankhulayo anali Dainess, mlongo wamkulu wa mwamuna wake, amene anafika kuchokera ku Katete masiku anayi apitawo ndi kachikwama kamodzi koma mawu odzaza ngolo.

"Ndiye tidye ndiwo zopanda mchere?"

"Nizathira nekha. Imwe m'nyumba muno mwathira wokwanira."

"Kambani bwino, alamu, nimve."

Dainess anakoka kampando n'kukhala ngati munthu amene mlandu wake anauweruzira kale m'basi.

"Nikambe chani chamene simudziwa? Mwana wa amai anga wamwa mapilisi a TB miyezi eyiti, osaphonya na tsiku limodzi. Mikodzo inafiira, maondo anawawa, mapilisi anatha. Chifuwa chili pamene chinali. Anzake amene anayamba nawo mankhwala tsiku limodzi, lero ali m'madimba. TB ya mtundu wanji yosamva mankhwala? Uyu ni mdulo. Munthu uyu anadulidwa, ndipo wodula mwamuna sachokera kutali."

Tisauke anakulira kumudzi, sanafunikire womumasulira. Akuluakulu amati mkazi akagona ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amagwidwa chifuwa, amaonda, mwina kulavula magazi kumene. Ndiwo mdulo. Mlamu wakeyo anali atamutchula hule masana dzuwa likuswa mtengo, pakhomo pake pomwe.

Anabweza mchere uja pang'onopang'ono, n'kutsekera botolo, n'kutuluka m'khitchini. Mwamuna wake Abson anali pakhonde, atavala jekete ngakhale kuti kunali kotentha, khosi litatalika ngati la nkhuku yothothola.

"Atate a Sheila, mwamva zamene akamba asisi anu?"

Abson anatsokomola. Chinali chifuwa chenicheni, chouma, chochokera pansi, koma Tisauke anaona kuti chabwera pa nthawi yake.

"Asisi akamba chabe monga munthu wodandaula. Asiyeni."

"Nafunsa ngati mwamva."

"Namva."

"Ndiye?"

"Ndiye chifuwa chiniwawa, amake Sheila. Sinifuna phokoso."

"Phokoso? Zaka fifitini nili pakhomo panu. Kuno ku Kanakantapa tinabwera kuli zitsa zokhazokha, nazula nanu. Lero anitchula dzina ili imwe muli khale, ndipo mukuti phokoso?"

"Utsi sufuka popanda moto," anatero Dainess ali pakhomo la khitchini. "Natuma kale mawu kwa amalume a Sanford ku Chalimbana. Ndiwo ankhoswe, azabwera akatsiriza kukolola matimati. Mukaulule dzina la mwamunayo pamaso pawo, tipeze mankhwala a mdulo, munthu achire. Kufikira tsiku ilo, zophika za Abson ni zanga, ndipo imwe mugona na ana."

"Nanga kalata ya kuchipatala?" Tisauke anafunsa mwamuna wake, osamuyang'ana n'komwe mlamuyo. "Adokotala a pakiliniki analemba kalata kuti mupite ku Lusaka akakuoneni bwino. Masabata atatu ili m'Baibulo. Iwerenga Masalimo?"

"Nizapita nikapezako mphamvu."

"Mphamvu muzaipeza pakhonde?"

Abson anatsokomolanso, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Dainess sanali munthu wosunga mawu m'kamwa. M'mawa mwake anapita kuchitsime ndi ndowa imodzi, anakhalako mpaka dzuwa kufika pamutu. Kumeneko anapeza ba Eneless, mayi wa pa puloti yoyamba kuchokera kumsewu, amene nkhani ikamulowa khutu ili imatulukira pakamwa isanafike ku khutu linalo. Sabata isanathe, mzere wonse wa mapuloti unali utadziwa kuti Abson Phiri anadulidwa. Ndipo poti mdulo umafuna mwamuna wachiwiri, anthu anamupeza. Anali Gilbert, wogula nkhuku wa panjinga, amene tchimo lake linali kuseka mokweza akamatsitsa mtengo. Gilbert anasiya kubwera. Amayi a kutchalitchi anatuma awiri kudzauza Tisauke mwaulemu kuti pa msonkhano wa mwezi wa mawa apumuleko kuphika, ayambe akonza za kunyumba. Sheila, mwana wake wa giredi sikisi, anabwera kuchokera kusukulu osadya, n'kukalowa m'bulangete masana.

Tisauke ankadzuka, kumwetsa nkhuku mazana awiri, kutunga madzi, kuchapa malaya a Abson onyowa ndi thukuta la usiku, kenako n'kuonerera mlamu wake akuphikira mwamuna wake phala lamadzimadzi. Ankalankhula yekha m'khola. Nkhuku zokha ndizo zinkamumvera osapotoza mawu.

Lachinayi la sabata yachiwiri Dainess anabwera ndi mizu kuchokera kwa munthu wina wa kutsidya la mtsinje. Anaiwiritsa mumphika, n'kumufunditsa Abson bulangete kuti afukize. Tisauke anali pa chingwe akuyanika pamene anamva chifuwa chosiyana ndi cha masiku onse, chosalekeza, chonga munthu akumira. Anathamanga n'kuvundukula bulangete lija. Abson anali atagwada, maso ali psuu, ndipo pa dothi panali makhololo a timizere tofiira.

"Mwaona?" anatero Dainess. "Magazi. Mdulo weniweni. Uyamba kutuluka."

Tisauke anakhuthula mphika uja m'dzala. M'mawa mwake tambala atangolira kachiwiri anatenga kalata m'Baibulo, n'kuika nsapato patsogolo pa mwamuna wake.

"Lero kuli maulendo awiri," anatero. "Wina ni wa ku Lusaka, ine na imwe. Wina ni wa kwathu ku Chipata, ine na ana. Sankhani, nifuna kudziwa chovala."

Abson anayang'ana nsapato, anayang'ana mkazi wake, n'kuyamba kumanga zingwe.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka ku msewu wa tala, akupuma pa mtengo uliwonse wamthunzi, n'kukwera minibasi. Ku chipatala chachikulu anadikira pabenchi kuyambira m'mawa, anajambulitsa ekisire, n'kudikiranso. Dzuwa litapendeka ndi pamene analowa kwa dokotala wa matenda a m'chifuwa, mayi wamfupi wa magalasi, dzina lake Mwaanga. Anawerenga kalata ya kukiliniki, anaona khadi la mapilisi lodzaza timizere ta tsiku ndi tsiku, kenako anakweza chithunzi chija pazenera.

"Bwerani pafupi, nonse awiri. Aya ni mapapo. Pakuda apa ni pabwino, mpweya upita. Manje onani kumwamba uku."

Tisauke anaona timadontho toyera, tomwazika ngati mapira otayika pamphasa. Kamodzi kanali kokulirapo, ngati nzama.

"Ni chani utu?"

"Ni timibulu twa m'mapapo. Thupi likapeza chinthu chamene silifuna, limachimangira mpanda. Funso ni lakuti m'kati mwa mpanda muli chani. Ba Phiri, musanayambe ulimi munali kugwira nchito yanji?"

"Kuphwanya miyala kukwale. Zaka ileveni pa makina."

"Munali kuvala chotseka mphuno?"

Abson anaseka pang'ono. "Tinali kumanga mpango tikakumbukira."

"Manje?"

"Nkhuku. Na chimanga."

"Khola asesa ndani?"

"Ine. Utuchi na zitosi nimatulutsa nekha, kupita nazo kumunda."

Dokotala analemba. "Ningakunamizeni nikakamba lero kuti nadziwa. Ingakhale TB yamene yakana mankhwala. Ingakhale khansa, makamaka aka kakakulu, ngakhale sinikhulupirira. Kuli na tizilombo twina, achibale a TB, tofanana nayo nkhope koma tosamva mapilisi ake. Muzanipatsa makhololo a m'mawa masiku atatu. Tizawabzala mu labu monga mbewu, tione chamene chizamera. Vimamera mochedwa, masabata sikisi kapena eyiti. Chinanso, nifuna magazi, tipime kachilombo ka Edzi. Ngati muvomera, nonse awiri."

"Magazi ayi," anatero Abson msanga.

"Sinikakamiza munthu. Koma mankhwala amene nizakupatsani ayenda na yankho ilo."

"Nakana, adokotala. Magazi nili nawo ochepa kale."

Tisauke anapinda dzanja la bulauzi. "Anga tengani lero."

Atatuluka anakakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda, pamene amayi amagulitsa mabanzi ndi nthochi. Tisauke anali atapsinja kathonje pa mkono. Anadikira mwamuna wake atameza nthochi yoyamba.

"Mukana magazi chifukwa chani?"

"Nanga akakapeza?"

"Kachokera kuti? Ine sinidziwa mwamuna wina, ndipo imwe mudziwa kuti sinidziwa."

"Nidziwa."

"Mudziwa." Tisauke anabwereza mawuwo ngati akuwalawa. "Ndiye kachokera kuti?"

Abson anayang'ana khoko la nthochi nthawi yaitali.

"Chaka chija cha chilala, pamene ninali kugona ku msika wa Soweto kuno ku Lusaka na nkhuku. Kunali mkazi wina wogulitsa kapenta. Virginia. Zinatha kale, amake Sheila, miyezi itatu chabe. Koma chaka chatha ninamva kuti anamwalira. Anaonda maningi. Pamene chifuwa changa chinakana mapilisi, ninati basi, ni chomwecho."

Minibasi inadutsa, kondakitala akuitanira anthu a ku Chelstone. Tisauke anaipenya mpaka inakhota. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti za Virginia sizinamuwawe msanga. Chimene chinamupweteka chinali china.

"Ndiye pamene asisi anu ananitchula hule, imwe munapuma bwino."

"Sinikanatha kukamba. Mdulo anthu amamva chifundo, amabwera kuzakuona. Matenda aja anthu amakuthawa uli moyo. Olo nkhuku sangagule. Ninaganiza za ana."

"Munaganiza za ana. Sheila sadya masiku atatu chifukwa anzake amuimba nyimbo ya Gilbert. Munaona manyazi akubwera, munayang'ana m'nyumba chinthu chotchipa chakuti mutchinge nacho, munapeza dzina langa."

"Nikhululukireni."

"Sinili pa tchalitchi pano. Nyamukani."

"Tipite kuti?"

"Mukapereke mkono. Ngati munanibweretsera imfa, nifuna niidziwe nkhope."

Anagona masiku atatu kwa msuweni wa Tisauke ku Kalingalinga kuti apereke makhololo onse atatu, n'kubwerera ku Kanakantapa. Patapita masabata awiri anapitanso kukamva za magazi. Mayi wauphungu anawatsekera m'kachipinda, anawafunsa mafunso ambiri, kenako n'kuwauza kuti onse awiri alibe kachilombo. Abson analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka m'jekete. Panja anafuna kumugulira mkazi wake chitenje.

"Chitenje nili nacho. Mukauze asisi anu."

"Nizawauza. Koma tiyembekeze va makhololo, tikambe vonse pamodzi."

"Zengerezu analinda kwawukwawu, atate a Sheila."

"Masabata anayi chabe."

Masabata anayiwo anakhala asanu. Dainess anamva kuti magazi ali bwino ndipo anaomba m'manja. "Si ninakamba? TB ayi, Edzi ayi. Chatsala ni chani?" Uthenga umenewonso anakautula kuchitsime. Tisauke anayamba kutunga madzi masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha, nthawi imene pachitsime pamakhala mbuzi zokha. Abson ankadya phala la mlongo wake maso ali pansi. Akakumana ndi mkazi wake pakhomo ankatsegula pakamwa ngati anena kanthu, kenako n'kutsokomola.

Tsiku la zotsatira, Dokotala Mwaanga anali ndi pepala lobiriwira m'manja.

"Vamera," anatero. "Mabotolo onse atatu, chinthu chimodzimodzi. Si TB. Ni m'bale wake uja ninakamba. Pa makina oonera tizilombo afanana monga mapasa, ndiye chifukwa a kukiliniki anapatsa mankhwala a TB. Sanalakwe, aliyense akanachita chimodzimodzi. Koma aka kakhala m'dothi, m'madzi, m'fumbi la m'makola. Tonse timakapuma, ambiri sikatichita kanthu. Ba Phiri mapapo awo anakalika kale na fumbi la miyala, ndiye kanapeza pogwira."

"Ningapatsire ana?" anafunsa Abson.

"Iyayi. Sikachoka kwa munthu kupita kwa munthu. Mudye mbale imodzi, mugone nyumba imodzi."

"Adokotala," anatero Tisauke, "mkazi angamudwalitse mwamuna matenda aya? Na mchere, kapena na njira ina iliyonse?"

Dokotala anavula magalasi n'kumuyang'ana. Zinaoneka kuti funsoli sanalimve koyamba.

"Mayi, aka kachilombo sikadziwa kuti munthu ni wokwatira."

"Munganilembere?"

"Ningalembe. Kaya kwanu amamvera mapepala."

Analemba ndithu, n'kudinda. Kenako anafotokoza za mankhwala. Anali a mitundu itatu. Iwiri Abson ankaidziwa kale, wachitatu unali watsopano, wosapezeka nthawi zonse, woti mwina azikaufunafuna m'mafamase a m'tauni. Ankayenera kumwa mpaka makhololo atayera, ndiyeno n'kupitiriza chaka china chathunthu.

"Chaka na hafu, kapena kupitirira. Mukaleka pakati, kazabwera kokwiya. Maso akayamba kuona mbuu, kapena mitundu kusokonezeka, mubwere tsiku lomwelo, chifukwa pilisi limodzi limakhudza maso. Miyezi itatu iliyonse tizajambula, tione aka kakakulu ngati kakuchepa. Kakakula, tizakamba nkhani ina. Khola musasesenso imwe. Amene asesa ayambe wawaza madzi, amange mphuno."

"Nizachira?"

"Ambiri amapeza bwino ngati apirira. Mapapo sazakhala atsopano, koma muzalima."

Amalume a Sanford anafika Loweruka m'mawa panjinga. Anali kalipentala wopuma ntchito, wogontha khutu limodzi, munthu wosakonda milandu chifukwa imamuchotsa kudimba. Anakhala pampando pansi pa mpapaya, Abson pambali pawo, amayi awiriwo pamphasa. Dainess anali ataitananso ba Eneless kuti akhale mboni, koma a Sanford anawabweza pachipata, amvekere za banja n'za banja.

Dainess anayala mlandu wake kuyambira pa mapilisi mpaka pa magazi a pa dothi. Atamaliza, Tisauke anagwada n'kupereka pepala. A Sanford analitalikitsa ndi maso, analiwerenga milomo ikuyenda, n'kufunsa Abson kuti afotokoze m'chinyanja. Abson anafotokoza za fumbi la miyala, za m'bale wa TB, za khola.

"Khola?" Dainess anadzuka ndi maondo. "Mwamva, amalume? Matenda a m'khola. Nanga nkhuku izi anabweretsa ndani pakhomo pano? Si alamu omwewa?"

"Dzulo ninali hule, lero nine mwini nkhuku," anatero Tisauke. "Mawa muzakamba kuti miyala ya kukwale ninaumba ine."

"Ine pepala sinitsutsa. Kachilombo kalipo, chabwino. Koma makina a azungu saona mdulo. Kachilombo kali m'dothi, tonse tiponda dothi. Chifukwa chani kanasankha Abson? Munthu amayamba wadulidwa, ndiye tizilombo tipeza khomo. Galu wamkota sakandira pachabe, amalume. Ine nabala ana seveni, nidziwa vamene niona."

A Sanford anakanda mutu. "Apa pavuta. Pepala likamba zake, mwambo ukamba zake. Apongozi, kuti mitima ikhale pansi, simungalole chabe mankhwala a mdulo? Sikuti mwavomera mlandu. Ni kutsuka chabe."

Tisauke anamva kutopa kwa masabata onse aja kukumutsikira m'mapewa. Anali atakwera minibasi katatu, atapereka magazi, atabwera ndi chidindo cha boma, ndipo anali pomwe anayambira. Anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Atate a Sheila, ine nakamba vokwanira. Pepala nalo lakamba. Pano pali munthu mmodzi chabe wamene sanakambe. Mukafuna kukhosomola, khosomolani manje mutsirize, tizayembekeza."

Abson sanatsokomole. Anagwira maondo ake ndi manja onse awiri.

"Amalume, asisi. Amake Sheila sananidule. Sanayendepo, ndipo ninali kudziwa kuchokera tsiku loyamba. Amene anayenda ndine." Ananena za chaka cha chilala, za msika, za mkazi wa kapenta ndi imfa yake. Ananena za mantha ake, ndi chifukwa chimene anakhalira chete. Mawu ankatuluka modukaduka, koma anafika nawo kumapeto.

A Sanford anatembenuza khutu labwino. "Wati anayenda ndani?"

"Ine, amalume."

Dainess anakonza duku lake, anasasa chitenje, n'kupumira m'mwamba.

"Aa, izo ni zakale," anatero mofatsa. "Mwamuna ni kabudula, amathera moyenda. Chachikulu wavomera yekha, ndipo magazi ali bwino. Alamu, apa mukhululuke chabe. Banja ni kupirira. Tisakumbe vamene vinakwiririka."

Tisauke anaseka. Sanafune kuseka, koma kunatuluka kokha, kouma.

"Apongozi, mwaona mmene milandu iyendera kwanu? Ine masabata naini pa mlandu wamene sininachite. Kuchitsime sinipita, kutchalitchi ananichotsa pa mapoto, mwana wanga amuimba nyimbo. Awa, mlandu wamene anachita, wathera m'kamwa musanameze na malovu."

"Madzi akatayika saoleka, apongozi," anatero a Sanford. Anaoneka kuti manyazi awagwira ndithu. "Talakwa. Kambani imwe chamene mufuna."

"Dzina langa. Silinatayike monga madzi, analinyamula munthu na miyendo, nyumba na nyumba. Pa mzere uno pali mapuloti khumi na awiri. Amene anamwaza akatole."

"Ine?" Dainess anadziloza pachifuwa. "Niyende m'makomo mwa anthu kupepesa chifukwa cha mlamu? Ninachoka ku Katete kuzasamala mlongo wanga. Ngati kusamala ni mlandu, Mande nikwera basi."

"Basi ya Mande imadzaza msanga, mulawire," anatero Tisauke.

"Mwamva, Abson? Mwamva mmene aniyankhira?"

"Namva, asisi." Abson anaimirira, akugwira mpando. "Muzapita Mande. M'makomo nizayenda ine. Imwe munakamba vamene munakhulupirira. Ine ninakhala chete pa vamene ninadziwa."

Dainess analowa m'nyumba n'kuyamba kupinda zovala mwaphokoso. A Sanford anapempha madzi akumwa, anapemphera mwachidule, n'kukwera njinga yawo akudandaula za matimati.

Awiriwo anatsala pabwalo. Tisauke anapinda mphasa n'kuiimika kukhoma.

"Mankhwala nizakupatsani ine, m'mawa uliwonse, mpaka adokotala akambe kuti basi," anatero. "Khola nizasesa. Mwezi wamene pilisi lija lasowa, nizalisaka tauni yonse. Ndimwe atate a ana anga, sinifuna kuvala zakuda. Koma za Virginia sitinayambe kukamba. Izo ziyembekeza mupeze mpweya, chifukwa muzaufuna."

"Namva."

"Kumva mumamva kale. Muyambe kwa ba Eneless. Mukakamba bwino pamenepo, nyumba zina muzapeza zadziwa."

"Lero lomwe?"

"Dzuwa likalipo."

Abson anavula jekete, analiyang'ana, n'kulivalanso. Anatenga mpini wa khasu lothyoka ngati ndodo n'kuyamba kutsika ndi kanjira ka pakati pa mapuloti. Ulendo wa mphindi zisanu unamutengera nthawi ya munthu wopita ku msewu wa tala. Tisauke anaima pachipata manja ali m'chiuno, osamuperekeza ndi phazi limodzi lomwe.

Anamuona ataima pa mpanda wa ba Eneless. Mayiyo anali kuseri akupeta chimanga, ndipo pakhonde panali amayi ena awiri akulukana tsitsi. Abson anachotsa chipewa. Milomo yake inayenda, koma palibe anatembenuka. Anayang'ana kumbuyo, kwa mkazi wake, ngati munthu wofunsa ngati zimenezo zakwana.

Tisauke anakweza manja kukamwa.

"Sanamve! Kwezani mawu!"

Abson anakoka mpweya umene mapapo ake akanatha kunyamula.

"Odi kuno!"

Lichero linaleka kulira kuseri kwa nyumba, ndipo amayi a pakhonde aja anasiya tsitsi lili pakati.